Zoti Tramiel anagula Atari n'kuthamangitsa antchito onse

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti Jack Tramiel atagula Atari mu 1984 anachotsa anthu onse ntchito nthawi imodzi, komanso ngati anaigula pofuna kukhaulitsa Commodore, kampani ya makompyuta yomwe anachokako mokangana. Ndaona ena ayankha kale kuti eya, ndi momwemo. Mbali ina ndi yoona, koma ikakambidwa choncho nkhaniyi imasenzetsa munthu mmodzi mlandu womwe unayamba iye asanafike n'komwe.

Atari anaiyambitsa ndi Nolan Bushnell ndi Ted Dabney ku California mu 1972, ndipo mu 1976 Warner Communications, kampani ya mafilimu ndi nyimbo, inaigula pa madola pafupifupi 28 miliyoni. Kwa zaka zingapo ndalama zinkangolowa. Makina a magemu a Atari 2600 anali m'nyumba zambirimbiri ku America, ndipo mu 1979 anatulutsanso makompyuta a m'nyumba, Atari 400 ndi Atari 800. Zinthu zinatembenuka mu December 1982, Warner italengeza kuti phindu silifika pomwe anthu ankayembekeza. Masheya ake anagwa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu tsiku limodzi. Chaka cha 1983 msika wa magemu unagweratu: opanga anachuluka, magemu osalongosoka anadzadza m'masitolo, ogulitsa n'kuyamba kubweza katundu. Chaka chimenecho chokha Atari inaluza madola oposa 500 miliyoni. Ndi nthawi yomweyi pomwe makatiriji (timabokosi tokhala ndi magemu) osagulidwa anakawakwirira ku dzala la Alamogordo ku New Mexico, zomwe anthu ambiri ankaziyesa nthano mpaka atakafukula mu 2014.

Tsono onani pamene kuchotsa anthu kunayambira. Mu February 1983 Atari inalengeza kuti ikuchotsa antchito 1,700 chifukwa ntchito yopanga katundu ikusamukira ku Hong Kong ndi ku Taiwan. Apa Tramiel n'kuti akadali bwana wa Commodore, alibe gawo lililonse ku Atari. Mu July chaka chomwecho mkulu wa Atari, Ray Kassar, anachoka, ndipo m'malo mwake munalowa James Morgan wochokera ku kampani ya fodya ya Philip Morris. Nayenso anapitiriza kudula anthu ndi kuimitsa ntchito zomwe zinali m'kati. Pofika pakati pa 1984, anthu zikwi zingapo anali atapita kale kwawo. Amene Tramiel anawapeza anali otsala chabe.

Mphekesera zoti Atari ikugulitsidwa zinali ndi pogwira. Chakumapeto kwa 1983 Rupert Murdoch, mwini manyuzipepala ambiri, anayamba kugula masheya a Warner, ndipo Steve Ross, mkulu wa Warner, anaona kuti kampani yomwe masheya ake atsika mtengo itha kumezedwa mosavuta. Chimene chinkawatsitsa chinali Atari, ndiye panafunika kuitula msanga. Dzina lomwe linkamveka kwambiri ngati wogula linali la Philips ya ku Netherlands, ndipo zokambirana zinalipodi koma sizinaphule kanthu. Morgan nayenso anali kukonza pulani yake yoti Atari ikhale kampani yaing'ono yodzidalira. Antchito ambiri ankaganiza za Philips ndi za pulani ya Morgan, pomwe Ross anali kukambirana ndi munthu wina. Mphekesera zinalondola kuti kampani ikugulitsidwa, koma zinaphonya wogula, ndipo chachikulu, zinaphonya chomwe chikugulitsidwa.

Tramiel anabadwira ku Łódź ku Poland mu 1928, anapulumuka ku Auschwitz, ndende yopherako anthu ya a Nazi, ndipo ku America anayamba ndi kukonza mataipilaita. Commodore anaikweza yekha, kuchoka pa mataipilaita, kudutsa pa makakyuleta, kufika pa makompyuta. Mu 1976 anagula MOS Technology, kampani yopanga machipu (tizipangizo tomwe timayendetsa kompyuta), kuti asamagule kwa ena zam'kati mwa makina ake. N'chifukwa chake anatha kutsitsa Commodore 64 kuchoka pa madola 595 mu 1982 kufika cha m'ma 200 chaka chotsatira, mpaka Texas Instruments inasiya kupanga makompyuta a m'nyumba mu October 1983. Nkhondo ya mitengo imeneyi inapwetekanso Atari, ndiye ngati pali mlandu wa Tramiel pa kugwa kwa Atari, ndi umenewu, wa nthawi yomwe anali mdani wake. Mu January 1984 anasemphana ndi Irving Gould, mwini masheya ambiri komanso wapampando wa Commodore, n'kutula pansi udindo. Patangopita miyezi yochepa anayambitsa kampani yake, Tramel Technology, n'cholinga chopanga kompyuta yatsopano yotsika mtengo, ndipo mainjiniya ena a Commodore anamutsatira.

Pano ndi pomwe pagona yankho la funso lanu. Tramiel sanagule kampani ya Atari Inc. yathunthu. Kumayambiriro kwa July 1984 anagula katundu wa mbali yopanga makompyuta ndi magemu a m'nyumba: dzina, umwini wa makina ndi mapulogalamu, fakitale ya ku Taiwan, katundu wa m'nyumba zosungiramo ndi njira zogulitsira. Kampani yakeyo anangoisintha dzina kukhala Atari Corporation. Mbali yopanga makina a magemu oponya ndalama inatsala m'manja mwa Warner pa dzina la Atari Games, ndipo mu 1985 Namco ya ku Japan ndiyo inatenga ulamuliro wake. Mtengo womwe umatchulidwa, madola 240 miliyoni, sanapereke ndalama m'manja ayi. Anali mapepala olonjeza kudzalipira m'tsogolo, Warner n'kupatsidwanso mwayi wokhala ndi masheya m'kampani yatsopanoyo. Kampani yomwe ikuvomera kugulitsa chinthu chachikulu chotere pa ngongole ndiye kuti yatopa nacho.

Munthu akagula minibasi sagulira limodzi dalaivala ndi kondakitala. Akafuna awalemba, akapanda kufuna alemba ake. Antchito a Atari anali olembedwa ndi Atari Inc., ya Warner, ndipo ntchito yomwe ankagwira inali itagulitsidwa. Choncho pa pepala amene anawachotsa ndi kampani yakaleyo, ndipo ntchito ya anthu a Tramiel inali kusankha oti alembedwe m'kampani yatsopano. Iye ndi ana ake atatu, Sam, Leonard ndi Gary, pamodzi ndi omwe anachoka nawo ku Commodore, anayamba kuitana anthu mmodzimmodzi n'kumawafunsa zomwe amagwira. Ochepa analembedwa, ambiri anauzidwa kuti basi. Zonsezi zinachitika m'masiku owerengeka, sabata lomwelo la tchuthi cha ufulu wa America cha pa 4 July, ndipo ambiri anazimva mochedwa. Zimanenedwa kuti ngakhale Morgan weniweniyo anadziwa zinthu zitatsala pang'ono kusainidwa.

Musandimve ngati ndikumuyeretsa. Kwa munthu yemwe wagwira ntchito zaka zisanu n'kuuzidwa m'mphindi zochepa kuti sakufunika, zoti pa pepala wamuchotsa ndi Warner kapena Tramiel zilibe kanthu, lendi ikumudikirabe. Komanso Tramiel anali wouma mtima pa bizinesi, ndipo sankabisa. Ogulitsa ndi opereka katundu ambiri ankamudandaula kuyambira ali ku Commodore. Anadula mozama kuposa mmene ambiri ankayembekezera, ndipo anthu aluso omwe akanathandiza mtsogolo anapita nawo limodzi. Koma mwa maganizo anga, amene anawachita chipongwe chachikulu antchitowo ndi Warner, yomwe inawasiya akukonzekera pulani ya Morgan ikudziwa kuti ikukambirana zina. Tramiel anabwera ndi ndalama zochepa ndi cholinga chimodzi, kutulutsa kompyuta yatsopano msanga, ndipo kampani yomangidwa nthawi ya ndalama zosefukira sakanatha kuilipira ngakhale mwezi umodzi.

Kusokonekera kwa zoti wagula chiyani ndipo wasiya chiyani kunapwetekanso makina a magemu a Atari 7800. Anali atalengezedwa kale mu May 1984, koma anakhala m'nyumba zosungiramo mpaka 1986. Anthu amati Tramiel ankadana ndi magemu, koma vuto lalikulu linali loti kampani yomwe inawakonza, General Computer Corporation, inali isanalipidwe, ndipo Warner ndi Tramiel ankakankhizana kuti ngongoleyo ndi ya ndani.

Za kubwezera Commodore, mkwiyo unalipo ndithu, koma mbali zonse ziwiri. Commodore ndiyo inayamba kupita kukhoti mu July 1984, kusumira mainjiniya anayi omwe anatsatira Tramiel, kuphatikizapo Shiraz Shivji, kuti anaba zinsinsi za kampani. Kenako panatulukira nkhani ya Amiga. Iyi inali kampani yaing'ono ya Jay Miner, injiniya yemwe anakonza machipu a Atari 2600 ndi Atari 800. Ndalama zitaithera, Atari ya nthawi ya Warner inaibwereka madola 500,000 ndi chiyembekezo chodzagwiritsa ntchito machipu ake. Amiga inabweza ngongoleyo chakumapeto kwa June ndi ndalama zochokera ku Commodore, ndipo mu August Commodore inalengeza kuti ikugula Amiga. Anthu a Tramiel atapeza mapepala a ngongoleyo, nawonso anasumira Amiga. Ndiye zinatha motembenuka: kompyuta ya munthu wa Atari inatuluka ndi dzina la Commodore, ya anthu a Commodore n'kutuluka ndi dzina la Atari.

Munthu wongofuna kukhaulitsa mnzake sakanachita zomwe zinatsatira. M'miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi, Shivji ndi gulu lake anakonza Atari ST, ndipo anaionetsa ku chionetsero cha zamagetsi cha CES ku Las Vegas mu January 1985. Ya 520ST inkagulidwa madola 799 pamodzi ndi sikirini yopanda mitundu, pomwe Amiga 1000, yomwe inatuluka mu July chaka chomwecho, inali madola 1,295 popanda sikirini. ST inayenda malonda kwambiri ku Ulaya, makamaka ku Germany, ndipo oimba anaikonda chifukwa inkabwera ndi polumikizira zida zoimbira zamagetsi potchedwa MIDI. Pofika 1986 Atari Corporation inali ikupanga phindu ndipo inayamba kugulitsa masheya ake pa msika.

Onse awiri anadzagonja kwa makompyuta a mtundu wa IBM PC. Commodore inagwa mu April 1994. Atari Corporation, itayesa mwayi womaliza ndi makina a magemu a Jaguar, inaphatikizana ndi JTS, kampani yopanga ma hard disk, mu 1996, ndipo mu 1998 dzina la Atari ndi zotsala zake zinagulitsidwa kwa Hasbro pa madola 5 miliyoni. Atari yomwe mukuiona masiku ano inachokera ku kampani ya ku France ya Infogrames, yomwe inatenga dzinalo itagula nthambi ya magemu ya Hasbro mu 2001.