Funsani Dokotala: Mayi ndawalanda khasu, koma akufookerafookera

Funso: Adokotala, mayi anga ali ndi zaka 72, amakhala kumudzi ku Angónia. Chaka chatha adagwa pochokera kudimba, mwamwayi sadathyoke. Kuyambira pamenepo ndidawaletsa kulima, ndidawapezera mtsikana wotunga madzi ndi kuphika. Koma tsopano kudzuka pamphasa mpaka wina awagwire dzanja. Ndiwagulire mavitamini anji? Mwana wawo, ku Ulongwe.

Yankho: Mavitaminiwo asiyeni kaye. Mudachita izi mwachikondi, koma chawafooketsa mayi ndi kukhalako. Minofu ya munthu wachikulire imachepa yokha chaka ndi chaka, ndipo ikasowa ntchito imatha msanga, makamaka ya m'ntchafu, yomwe ndiyo imamudzutsa munthu pansi. Wogwa kamodzi amayamba kuopa kuyenda, miyendo n'kufooka, kenako amagwanso.

Sindikuti abwerere kokaunda mizere ya mbatata ya kachewere tsiku lonse ayi. Koma kuthirira masamba, kusesa pabwalo, kuyenda kupita kutchalitchi, zimenezo abwezereni. Malangizo a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO a chaka cha 2020 amati a zaka 65 kupita m'mwamba azichita zolimbitsa thupi mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Mphindi 30 masiku asanu zakwana, ndipo akhoza kuzidula pawiri kapena patatu. Liwiro loyenera mulidziwa chonchi: akuyenda akutha kucheza, koma nyimbo sangaimbe bwino.

Chimene khasu siliphunzitsa ndi kuima osadzandira, ndiye ichi chikhale masiku atatu pa sabata. Tsamiritsani mpando kukhoma. Akhale, apinde manja pachifuwa, aimirire, akhalenso pang'onopang'ono osadziponya. Ayambe kasanu, akazolowera afike kakhumi. Masiku oyamba agwire mpandowo, si manyazi. Kenako agwire mzati wa khonde, anyamule mwendo umodzi n'kuwerenga mpaka 10, asinthe mwendo. Wina aime pafupi. Akamaseka kuti izi ndi zachibwana, aitaneni anzawo awiri atatu azichitira limodzi; agogo amene amakana "masewera" ndi omwewo sakhala pansi ng'oma ya chimtali ikalira, ndipo kuvinako ndimakuwerengera.

Komanso adagwa chifukwa chiyani? Apite kuchipatala akaonedwe maso, poti ng'ala imabisa dzenje, ndipo akayezedwe bipi atakhala ndi ataimirira. Patapata wakutha chidendene mutayeni.

Funso: Ndili ndi zaka 66, ndimakhala ku Matundo mumzinda wa Tete. Ndili ndi tensão (bipi yokwera), ndimamwa mankhwala tsiku lililonse. Anamwino adati ndiziyenda, koma kutentha kwa kuno mukukudziwa. Kodi sindingafe nako?

Yankho: Bambo, mantha anu ali ndi pake. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha ku Tete kumapitirira madigiri 40, ndipo kuyenda masana nthawi imeneyo ndi kuputa tsoka. Nyamukani kukangoyera, dzuwa lisanakwere, mubwerere kunyumba likadali lofewa. Imwani madzi musananyamuke ngakhale mulibe ludzu, chifukwa munthu akamakula ludzu limachedwa kumuuza. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri ngati tiyi, madzi achepa. Izi zikukhudzani kwambiri ngati mwa mankhwala anu muli hydrochlorothiazide, amene amakodzetsa.

Kuyenda kumatsitsadi bipi, koma sikulowa m'malo mwa mapiritsi. Ambiri akaona bipi yatsika pansi pa 140/90 amasiya kumwa, kenako timawalandira ndi sitiroko. Tsiku limene makina aonetsa 180/110 kapena kuposa, musayende, pitani kuchipatala. Mukamva kufinya pachifuwa, chizungulire, kapena phuma lachilendo muli panjira, khalani pansi pamthunzi muitane thandizo.

Mcherenso ndinene. Munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiko kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wa m'ndiwo zonse. Nsomba ya chicoa yaku Cahora Bassa ndimaikonda nanenso, koma ili ndi mchere wadzaoneni. Iviikeni m'madzi, tayani madziwo, ndipo mumphika musathirenso wina.

Funso: Agogo anga mawondo amawawa, amamwa diclofenac wogula pamsika pafupifupi tsiku lililonse. Ndi bwino? Mdzukulu, ku Zóbuè.

Yankho: Ayi, asiye. Diclofenac ndi ibuprofen akamwedwa nthawi yaitali amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba, kuwononga impso ndi kukweza bipi, makamaka kwa okalamba. Paracetamol ndi wofatsa kuposa amenewo, koma muyezo wake akauzidwe kuchipatala. Bondo la nyamakazi limauma likamangokhala, choncho aziyendabe pamalo osalala, ndodo ili kudzanja la mbali imene sikuwawa. Likatupa, kutentha ndi kufiira, makamaka thupi likatenthanso, musadikire mawa, apite nalo kuchipatala tsiku lomwelo.