Za mawaya a m'chipinda chapansi, kwa achimwene a ku Leeds

Achimwene, funso limene mwaika mugulu muno ndaliwerenga kawiri. Mwati mwagula nyumba ku Leeds, zija zakale za njerwa zofiira zogundizana mumdadada, ndipo ili ndi chipinda chapansi pa nthaka chimene kunoko amati cellar. Mukufuna kuikamo makina ochapira, fuliza yosungiramo nsomba ndi nyama, masoketi angapo ndi mababu. Wamagetsi wakutchulirani mtengo woimitsa mutu, pomwe inu munakokapo mawaya m'nyumba ya bambo anu ku Bangwe ndipo mpaka lero ikuyaka bwinobwino. Ndiye mukufunsa ngati simungangogula zipangizo ku Screwfix n'kugwira nokha Loweruka limodzi.

Ine ndili ku Sheffield, nyumba yanga ndi yamtundu womwewo, ndipo ntchito imeneyi ndinaidutsamo. Maganizo anga ndi akuti thukuta likhale lanu, koma kulumikiza, kuyeza ndi kusaina musiyire mmisiri wovomerezeka.

Luso lanu sindikulikayikira ayi. Zambiri zimene munaphunzira kumudzi n'zofanana ndi zakuno: pulagi ya mano atatu, mphamvu ya 230V, waya wa 2.5 wa masoketi. Chosiyana ndi malowo. Chipinda chapansi cha nyumba zakalezi chimakhala ndi chinyontho chaka chonse, makoma amachita thukuta, pansi pamazizira ngati pamwala wa kudambo. Munthu akaima pansi ponyowa wopanda nsapato n'kukhudza chitsulo chimene chalowa moto, nyesi imadutsa m'thupi mosavuta kupita kunthaka. Khungu likanyowa, thupi limatha kudutsitsa mphamvu yopitirira 200mA, pomwe kachigawo kochepa chabe ka mphamvu imeneyo n'kokwanira kusokoneza mtima. Breaker ya 32A, kaswitchi kaja kodula magetsi mphamvu ikachuluka pa waya, siidzagwa ngakhale pang'ono, chifukwa ntchito yake ndi kuteteza waya kuti asapse. Chimene chimateteza munthu ndi RCD ya 30mA, kachipangizo kodula magetsi msanga moto ukayamba kuthawira kunthaka, pamodzi ndi waya wa earth wolumikizidwa bwino kuchokera pa soketi mpaka kukafika ku bokosi lalikulu logawa magetsi m'nyumba. Ndipo apa ndi pamene pagona nkhani: babu limayaka, fuliza imalira, makina amachapa, ngakhale earth itaduka penapake. Maso sangakuuzeni.

Ndikuuzeni zimene ndinaona kwanga. Titalowa m'nyumbamo tinapeza soketi imodzi kuchipinda chapansiko, yoikidwa ndi amene ankakhalamo kale. Tinalumikizapo fuliza ndipo inagwira ntchito miyezi ingapo. Tsiku lina mayi a kunyumba anatsikira kumeneko atavala masokosi okha kukatenga chambo, atabwera anandiuza kuti chogwirira cha fuliza chikunyerenyetsa zala. Ndinapita nditavala nsapato, ndinagwira, osamva kanthu. Mtima sunakhazikike, ndinaitana mmisiri. Atathimitsa n'kutsimikiza ndi makina ake kuti moto palibe, anatsegula kabokosi kolumikizira mawaya kamene kanali kuseri kwa denga. Ndinawunikira ndi tochi ine. M'katimo munali timadontho ta madzi, mkuwa utasanduka wobiriwira, ndipo waya wa earth anali atangopindidwira kumbali, osamangidwa paliponse. Waya wofiira ndi wakuda wakale anali atalumikizidwa ndi wabulauni ndi wabuluu watsopano, atakulungidwa ndi tepi imene inali itayamba kumatuka. Usiku umenewo tulo sindinatione, ndikuganiza za ana amene ankatsikira kumeneko kukatenga ayisikilimu.

Za mitundu ya mawayayo muzidziwe ndithu. Kuno anasintha pakati pa 2004 ndi 2006, kuchoka ku ofiira ndi akuda kupita ku abulauni ndi abuluu, choncho m'nyumba yakale mukumana ndi yonse iwiri. Komanso pa switchi ya babu, waya wakuda kapena wabuluu akhoza kukhala wamoto.

Tsopano za lamulo, chifukwa ena mugulu muno ayankha kale kuti n'zoletsedwa kugwira wekha. Sizili choncho kwenikweni. Ku England kuli gawo la malamulo a zomangamanga lotchedwa Part P, limene linayamba pa 1 January 2005 n'kusinthidwako mu 2013. Kuwonjezera soketi pa mzere wa mawaya umene ulipo kale simufunika kudziwitsa khonsolo, pokhapokha ngati ndi malo ngati pafupi ndi bafa, ngakhale ntchitoyo iyenerabe kutsata muyezo wa kayalidwe ka mawaya wotchedwa BS 7671. Koma kukoka mzere watsopano kuchokera ku bokosi lalikulu, lija kumudzi timati DB, kapena kusintha bokosilo, ndi ntchito yoyenera kudziwitsa a Building Control, nthambi ya khonsolo yoona zomangamanga. Yanuyi igwera mmenemo. Makina ochapira ndi fuliza m'malo achinyontho sizofunika kuzidyetsa kuchokera pa soketi ya pabalaza. Mukufunika mzere wakewake wokhala ndi RCBO yake, imene ndi breaker ndi RCD pamodzi, kuti makina akavuta asagwetse magetsi nyumba yonse, ndipo ngati n'kotheka fuliza ikhale payokha. Amene anabwerapo kutchuthi n'kupeza usipa ndi nyama ya mwezi wonse zitaola akudziwa chimene ndikunena.

Njira zilipo. Mukhoza kudziwitsa khonsolo ya Leeds musanayambe, n'kulipira kuti adzayendere ndi kuyeza ntchito yanu. Kapena mukhoza kulemba mmisiri amene ali m'kaundula wa mabungwe ngati NICEIC kapena NAPIT, amene amasainira yekha ntchito yake n'kudziwitsa khonsolo m'malo mwanu. Musanasankhe, imbani kukhonsolo mumve mtengo wawo. Mukaphatikiza ndalama imeneyo ndi ya zipangizo, mudzaona nokha kuti zimene mumati mupulumutsa zatsala zingati.

Pepala limenelo musalipeputse. Tsiku logulitsa nyumba, maloya amatumiza fomu ya TA6 imene imafunsa za ntchito ya magetsi imene inachitika panyumbapo ndi ziphaso zake. Mukasowa chiphaso, wogula amayamba kutsitsa mtengo kapena kukuchedwetsani. Ndipo moto utabuka, Mulungu atiteteze, a inshuwalansi adzafuna kudziwa amene anagwira mawayawo.

Chinthu china chimene chimandiopsa ndi ichi. M'nyumba zambiri zamtunduwu, mita ndi fyuzi yaikulu zimakhala kuchipinda chapansi komweko, ndiye munthu amaona ngati ntchito yafupika. Fyuzi yaikulu ija, yomangidwa ndi kawaya ka chidindo, si yanu. Ndi ya kampani yobweretsa magetsi, imene kwanuko ndi Northern Powergrid. Ngakhale mutathimitsa switchi yaikulu ya pa bokosi, mawaya awiri onenepa ochokera ku mita amakhalabe amoto, ndipo kumbuyo kwawo kulibe RCD yoti ikupulumutseni. Kasikuludilaiva koyaka nyali kaja timakakonda kumudzi musakadalire, kamanama.

Nanga mtengo utsika bwanji? Ndalama zambiri pa ntchito ngati iyi zimapita ku maola a manja, osati ku waya. Ine ndinakhala pansi ndi mmisiri wanga tisanayambe chilichonse. Iye anajambula ndi choko pakhoma pamene mawaya adutse, anandilembera saizi ya waya ndi mtundu wa mabokosi. Ine ndinachotsa katundu, ndinaboola makoma, ndinakhoma mapaipi a pulasitiki odutsamo mawaya ndi mabokosi ake, madzulo ndikaweruka kuntchito. Anabwera kudzaona zonse zili poyera, anandibwezetsa malo awiri, kenako tinakoka mawaya limodzi. Kulumikiza konse anachita yekha. Masiku amene akanandilipiritsa anachepa, ndipo ndinaphunzira zambiri. Koma mugwirizane musanagule ngakhale msomali umodzi. Mmisiri wolongosoka sangasainire mawaya amene mwakwirira kale m'pulasitala iye osawaona, ndipo amene angavomere zimenezo pa mtengo wa botolo mumuthawe. Si amisiri onse amalola kugawana ntchito chonchi, ndiye funsani atatu kapena anayi.

M'chipinda chachinyontho ndi bwino mawaya ayende pamwamba pa khoma m'mapaipi, masoketi akhale m'mwamba kutali ndi pansi, chifukwa mvula ikachuluka zipinda zimenezi zimalowa madzi. Mukafuna kukwirira m'khoma, waya aziyenda chowongoka, chokwera kapena chopingasa kuchokera pa soketi, kapena m'kati mwa 150mm kuchokera kudenga kapena pakona, kuti wodzakhoma shelefu mawa asadzamulase. Ndipo ngati muli ndi maganizo oika zotchingira madzi kumakoma, yambani zimenezo, magetsi abwere pambuyo.

Pomaliza ntchito, imani pambali pake muone akuyeza. Wanga anatenga nthawi yaitali pa gawo limeneli kuposa mmene ndinkaganizira. Anayeza ngati earth ikufika pa soketi iliyonse, anatumiza 500V m'mawaya kuti aone ngati chikopa chake sichikudontha mphamvu, anayeza ngati breaker ingagwe msanga waya wamoto atakhudza chitsulo, kenako anawerenga nthawi imene RCD ikutenga kuti idule. Anayang'ananso ngati mapaipi a gasi ndi a madzi ali olumikizidwa ku earth. Manambala onsewo analemba pa chiphaso chotchedwa Electrical Installation Certificate, ndipo patapita masabata angapo kunabwera pepala lina lotsimikiza kuti khonsolo yadziwitsidwa. Makina oyezerawo ndi odula, ndipo kuwerenga zimene akunena kumafuna maphunziro amene vidiyo ya pa YouTube singakupatseni.

Mwatchulanso kuti mwina m'tsogolo mlamu wanu azidzagona mmenemo. Imeneyo ndi nkhani ina, ikukhudza potulukira moto utabuka, mpweya ndi ma alamu a utsi, ndipo a Building Control ayenera kuidziwa. Muuzeni mmisiriyo panopa kuti poyala mawaya aganizireko.

Jambulani bokosi lanu lalikulu mmene lililimo, osatsegula chivundikiro chomangidwa ndi masikuluwu, muike chithunzicho pano. Ndikufuna ndione ngati lili ndi RCD komanso malo otsala, chifukwa ngati ndi lakale lija la mafyuzi a waya, ndiye kuti mtengo umene anakupatsaniwo mwina ukuphatikiza kusintha bokosi lonse, ndipo muyenera kumufunsa akulembereni chilichonse pachokhapachokha.