Bambo anga ali ndi zaka 78: opaleshoni ya timabowo kapena yong'amba pamimba?

FUNSO: Adokotala, bambo anga ali ndi zaka 78, ndipo mwezi watha anawapeza ndi khansa ya m'matumbo aakulu, mbali ya kumanja. Kuchipatala atiuza kuti njira zilipo ziwiri: kung'amba pamimba, kapena kuboola timabowo n'kulowetsa kamera, imene akuti laparoscopy. Mlongo wanga akukana zakamerazo, akuti n'za achinyamata ndipo zingasiye khansa ina m'kati. Bambo amamwa mankhwala a BP koma amayenda okha, amasamba okha. Tisankhe iti? — Mwana wawo wamkazi

YANKHO: Pepani mayi ndi matendawa. Ndiyambe ndi mantha a alongo anu, chifukwa ngakhale madokotala anali nawo. Opaleshoni ya matumbo ya timabowo itangoyamba mu 1991, panamveka nkhani za odwala amene khansa inamera pa timabowo pomwepo, moti ambiri anayamba aima kaye. Kafukufuku ndiye anathetsa nkhaniyi. Wina wotchedwa COST, amene anachitika ku America ndi Canada pa odwala 872, anatuluka mu 2004. Patatha zaka zitatu, khansa inabwerera mwa anthu 16 pa 100 alionse a timabowo, ndi 18 pa 100 alionse ong'ambidwa. Kusiyana kwakeko n'kosanunkha kanthu. Mu 2005 kunatulukanso COLOR wa ku Ulaya ndi CLASICC wa ku Britain, ndipo nawonso sanapeze kuti kamera imasiya khansa.

Chifukwa chake n'chakuti ntchito ya m'kati ndi imodzimodzi. Dokotala amadula chigawo cha thumbo chimene chili ndi chotupa, pamodzi ndi mitsempha yake ya magazi ndi timwanabere tozungulira, tosachepera 12 kuti akatiyeze, kenako n'kulumikiza mbali ziwiri zotsalazo. Chosiyana ndi khomo lolowera. Njira yong'amba imasiya bala lalitali lodutsa pamchombo. Inayi imasiya timabowo tinayi kapena tisanu, tosaposa m'lifupi mwa chala, ndi kabala kamodzi ka masentimita ngati asanu kotulutsira thumbo lodulidwalo.

Ine ndikamaganizira munthu wa msinkhu wa bambo anu, maso anga amakhala pa balalo. Ndakhala ndikuona m'wodi m'mawa wotsatira opaleshoni: agogo ong'ambidwa agona chagada, pilo atamukumbatira pamimba, akupuma pang'onopang'ono ngati akuba mpweya, chifukwa kutsokomola kukuwawa. Makhololo akakhala m'chifuwa masiku awiri atatu, chibayo chimalowa. Akagona osadzuka, magazi amaundana m'miyendo. Tikawonjezera mankhwala amphamvu opha ululu, matumbo amachita ulesi ndipo mutu umabalalika, mpaka munthu osazindikira mwana wake. Wachinyamata izi amazipirira. Wokalamba zimamufoola, ndipo mphamvu za m'miyendo zimene wataya sabata imodzi pabedi zimatenga miyezi kuti zibwerere. Bala likakhala laling'ono, munthu amakhala tsonga msanga, amatsokomola, amayamba kudya. Ndiye kunena kuti kamera n'ja achinyamata ndikukana: achikulire ndi amene amapindula nayo kwambiri.

Koma nayonso ili ndi zake. Kuti dokotala aone bwino, amapopera mpweya wa carbon dioxide m'mimba mpaka itafufuma, ndipo bedi amalipendeketsa. Mimba yofufumayo imakankha mapapo ndipo mtima umagwira ntchito yolemerapo. Imatenganso nthawi: mu COST muja inkatha mphindi 150 pamene yong'amba inkatha 95. Munthu amene mtima wake ndi wofooka kwambiri, kapena amene amabanika akangoyenda pang'ono, dokotala wogonetsa akhoza kunena kuti ayi. Chimodzimodzi ngati chotupa chamatirira ku ziwalo zina, ngati thumbo latsekeka kapena kubooka mwadzidzidzi, kapena ngati m'mimba muli zipsera zambiri za maopaleshoni akale.

Mawu anu amene andilimbitsa mtima ndi akuti bambo amayenda okha, amasamba okha. Kwa ine zimenezi zimanena zambiri kuposa nambala 78. BP yomwe ikumvera mankhwala siletsa kanthu. Ndiye akanakhala bambo anga, ndipo mtima ndi mapapo atayezedwa n'kupezeka bwino, ndikanasankha timabowo, koma pokhapokha dokotalayo ali wozolowera njirayi. Mufunseni mosaopa kuti amachita maopaleshoni otere angati pachaka. Ngati dzanja lake linazolowera kung'amba, muloleni ang'ambe, chifukwa opaleshoni yong'amba yochitidwa bwino imachotsa khansa mofanana.

Dziwiranitu kuti nthawi zina dokotala amayamba ndi kamera, n'kuona kuti sizikuyenda, n'kung'amba. Mu COST zinachitika kwa wodwala mmodzi mwa asanu alionse. Mukamva zimenezi musaganize kuti walakwitsa. Wasankha chimene chili chotetezeka.

Masabata amene atsalawa musawataye. Khansa ya kumanja imakonda kudontha magazi mobisa, choncho awayeze magazi, ndipo ngati ndi ochepa awapatse ayironi opaleshoni isanafike. Aziyenda tsiku lililonse, azidya mokwanira, ndipo ngati amasuta aleke lero. Mankhwala onse amene amamwa, makamaka osungunula magazi monga aspirin kapena warfarin, muwaonetse kwa dokotala. Tsiku logonekedwa musaiwale magalasi awo, ndipo nkhope imene amaidziwa izikhala pafupi, poti zimathandiza kuti mutu usabalalike.

Akatuluka, sabata yoyamba mukhale maso. Ngozi imene timaiopa pa njira zonse ziwiri ndi kudontha kwa polumikiza paja. Akatentha thupi, mimba ikatupa n'kumawawa kwambiri, akayamba kusanza, kapena akangoyamba kulankhula zosamveka, musadikire kuti kuche. Bwererani nawo kuchipatala nthawi yomweyo.