Musayambe ndi kabureta, achimwene

Achimwene, mwafunsa ngati kabureta wa 750 cfm (muyeso wa mpweya umene amalowetsa pa mphindi imodzi) ndi camshaft (chitsulo chotsegula mavalavu) yaikulu zingawonjezere horsepower pa injini ya 350 (kukula kwake m'ma cubic inch) ya galimoto ya Chevrolet Camaro ya 1974 imene mwaphwasula ku Joniko. Ndalamazo muzisunge kaye m'thumba. Vuto la injini imeneyi lili ku ma hedi, zivundikiro za pamwamba pa masilinda.

Mu 1970 Camaro Z28 inkatuluka ndi 350 yotchedwa LT-1, compression yake (mmene mapisitoni amapanikizira mpweya ndi petulo) 11:1, mphamvu 360 hp. Chaka chotsatira General Motors inatsitsa compression kuti injini zizitha kumwa petulo wopanda lead, ndipo LT-1 yomweyo inagwa kufika pa 9:1 ndi 330 hp. Yanuyo ndi ya m'zaka zimenezo, ma hedi ake ali ndi zipinda zoyakira petulo zikuluzikulu za 76cc ndipo sapuma bwino. Mukaikapo camshaft yaikulu pa compression yotsika chotere, galimoto idzalira mokoma pa roboti koma ponyamuka idzafooka, mudzachita manyazi.

Ine ndikanayamba ndi ma hedi a Vortec, amene Chevrolet inayamba kuika m'ma pickup mu 1996. Zipinda zake ndi za 64cc, mpweya umayenda bwino, ndipo ndi mapisitoni a pamwamba pafulati compression imayandikira 10:1, yomwe petulo wa 95 amaitha mukatchera bwino timing. Dziwani chabe kuti ma hedi amenewa amafuna intake manifold (njira ya mpweya kuchokera ku kabureta) yawoyawo ya mabawuti 8, komanso camshaft ikakhala yokweza mavalavu kupitirira mainchi 0.450, ayenera kupita kaye ku engineering akasemedwe. Musaiwale kuti Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700. Mpweya kumeneko ndi wopepuka, injini imataya mphamvu, choncho compression kwa inu ndi chuma.

Popeza block (thupi la injini) ili pansi kale, ganizirani zoikulitsa injiniyo kuchoka pa 350 kufika pa 383. Mumaboola masilinda ndi mainchi 0.030, n'kuchotsa crankshaft ya sitiroko ya 3.48 kuikamo ya 3.75. Kukoka kwake mudzakumva mumsana.

Za kabureta werengani nokha: chulukitsani 350 ndi 5,500 rpm, gawani ndi 3,456, mupeza 557 cfm injini ikakhalabe ya 350. Holley kapena Edelbrock wa 600 cfm akukwanirani, ndalama zotsalazo gulirani ma header (mapaipi otulutsa utsi mu injini).

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi tsiku loliza injini koyamba. Ndinaonapo camshaft yatsopano itadyeka sabata isanathe chifukwa makaniko anathira oyilo wamba n'kuisiya injini pa idle. Ngati camshaft yanu ndi ya flat tappet (yopanda ma roller), thirani oyilo wokhala ndi zinc, ndipo ikangolira isungeni pakati pa 2,000 ndi 2,500 rpm kwa mphindi 20 mpaka 30. Tiuzeni giyabokosi ndi ma giya a diff amene muli nawo, tisankhire limodzi camshaft.