Mwaitanidwa kukakhala m'bodi? Musafulumire kuvomera

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Blantyre amene wakhala mkulu woona za chuma pakampani yake kwa zaka 12. Akuti kampani ina yawapempha kuti akakhale m'bodi yake (gulu la madayirekitala loyang'anira mmene kampani ikuyendetsedwera), ndipo funso lawo ndi lakuti: "Ndikonzekere bwanji, kapena zimene ndikudziwa kale n'zokwanira?"

Mayi, manambala mukuwadziwa, pamenepo sindikukayika. Chimene chidzakuvuteni ndi manja anu, chifukwa anazolowera kugwira. Kuofesi kwanu mukaona cholakwika mumaitana wolakwitsayo, kukonza, nkhani n'kutha. M'bodi mudzakhala ngati ankhoswe. Ankhoswe salowa kukhitchini kukavundula nsima ya eni banja, koma banjalo likasokonekera mudzi wonse umafunsa kuti kodi ankhoswe anali kuti.

Ine ndinaphunzira mochititsa manyazi. Pamsonkhano wanga woyamba ndinatha mphindi 20 ndikulangiza mkulu wa kampani za kagulidwe ka matayala a magalimoto. Aliyense anangoti zii. Nthawi ya tiyi wapampando anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti, "Achimwene, za matayala alipo amene timawalipira. Nanga ngongole ya madola ili patsamba 46 ija mwaiona?" Ndinali ndisanafikeko patsambalo.

Ndiye musanayankhe kalata yawo, pemphani mapepala. Malipoti a zachuma a zaka zitatu, maminitsi a misonkhano ya bodi ya chaka chatha, komanso kalata imene ma auditor (akatswiri ounika mabuku a zachuma) amalembera oyendetsa kampani yotchula zofooka zimene apeza. Kalata imeneyi siituluka mu lipoti lokongola la pachaka lija, koma ndi mmene muli nkhani. Funsaninso kuti amene mukukalowa m'malo mwake anachoka bwanji, ndipo ngati n'kotheka mumuimbire. Akayamba kuzengereza kukupatsani zimenezi, yankho mwalipeza kale.

Ndikulimbikira chonchi chifukwa lamulo la makampani la 2013 limaika udindo pa dayirekitala aliyense payekha: kuchita zinthu mokhulupirika pokomera kampani, kusamala, ndi kuulula ngati muli ndi phindu lanu pa nkhani imene ikukambidwa. Kunena kuti "ine ndinkangobwera kanayi pachaka" sikungakupulumutseni. Funsani ngati kampaniyo ili ndi inshuwalansi yoteteza madayirekitala. Ikakhala banki kapena kampani ya inshuwalansi, dziwani kuti a Reserve Bank of Malawi ayenera kukuunikani kaye, ndiye mbiri yanu ya ngongole ikhale yoyera. Werenganinso mabuku a malangizo a kayendetsedwe kabwino ka makampani: Malawi Code II ya 2010, komanso King IV ya ku South Africa ya 2016. Sizitali kwenikweni.

Mukumbuke za Steinhoff, kampani imene mu 2017 inali mwini wa masitolo a Pep. Bodi yake inadzaza ndi akatswiri a zachuma, anthu a masukulu apamwamba. Mu December 2017 ma auditor a Deloitte sanasaine mabuku ake, mkulu wa kampaniyo Markus Jooste anatula pansi udindo, ndipo m'masiku ochepa masheya anagwa ndi oposa 80 peresenti. Nzeru zinalipo patebulo paja. Kwa ine chimene chinasowa ndi munthu wouma mutu wofunsa funso lomwelo kachitatu pamene bwana wolemekezeka wayankha mozungulira. Kwathu kuno zimenezi n'zovuta kwambiri, poti tinaleredwa kuti wamkulu satsutsidwa pagulu, ndipo mwina amene anakutchulani dzina ndi mnzanu wa kutchalitchi. Komatu paja safunsa anadya phula. Yesererani kufunsa mwaulemu koma osabwerera m'mbuyo: "Pepani a wapampando, sindinamvetse, kwacha ikagwanso ngati mu November 2023 pamene inatsika ndi 44 peresenti, ngongoleyi tidzaibweza ndi chiyani?"

Poti ndinu a zachuma, mosakayika adzakuponyani ku komiti ya audit, younika mabuku a zachuma, ndipo kumeneko n'kumene kumadya nthawi. Pa msonkhano uliwonse patulani masiku awiri owerenga mapepala, osati kuwatsegula m'galimoto popita. Ndipo musanasaine chilichonse, kauzeni abwana anu kumene mukugwira ntchito pano, akupatseni chilolezo cholemba, makamaka ngati makampani awiriwa amagulitsana katundu kapena amalimbirana makasitomala omwewo.