Funsani Dokotala: Mapiritsi owonjezera magazi akundichititsa nseru, ndiwasiye?

Funso: Adokotala, ndili ndi pakati pa miyezi isanu. Kusikelo atandiyeza anati magazi anga ali pa 9.6, n'kundipatsa mapiritsi a ayironi. Koma akundichititsa nseru, ndipo chimbudzi chada bii. Ndingawasiye n'kumangodalira zakudya?

Yankho: Chonde musawasiye, mayi. Woyembekezera magazi ake akatsika kuchoka pa 11 timati achepa, ndipo akapanda kufika pa 7 ndiye kuti zafika poopsa. Kuchoka pa 9.6, zakudya zokha sizingawakweze mokwanira tsiku lobereka lisanafike. Mayi wochepa magazi akataya ngakhale pang'ono pochira thupi lake silipirira, mwananso angabadwe masiku osakwana kapena wonyentchera.

Bungwe la WHO limalangiza kuti woyembekezera aliyense azimwa mamiligalamu 30 mpaka 60 a ayironi ndi 0.4 a vitamini wotchedwa folic acid patsiku. Amene magazi achepa kale amawonjezeredwa ayironi mpaka mamiligalamu 120, choncho tsatirani mlingo umene anakupatsani.

Chimbudzi chakudacho chisakuopseni, ndi ayironi wotsala amene thupi silinatenge. Za nseruzo, imwani piritsi pogona kapena mutalawa kachakudya. Mukadzimbidwa, chulukitsani madzi ndi zipatso.

Pamene ambiri amaphonya ndi pa tiyi. Tiyi ndi khofi zimamanga ayironi m'matumbo, moti wambiri amangotuluka. Mkaka, mapiritsi a kashiamu ndi mankhwala a chilungulira amachitanso chimodzimodzi. Muzisiyanitsa zimenezi ndi piritsi lanu maola awiri, ndipo tiyi musamamwere pa chakudya.

Ayironi wa mu nyama ndi nsomba thupi limamutenga mosavuta. Wa mu nyemba ndi masamba obiriwira amalowa movutikira, koma mukadyera limodzi ndi lalanje, ndimu kapena tomato, vitamini C amamuthandiza. Chiwindi musachichulutse, chili ndi vitamini A wambiri amene angavulaze mwana. Ngati mukulakalaka dothi, chimenecho ndi chizindikiro cha vuto lomweli la kuchepa kwa magazi. Musadye, limatsekereza ayironi komanso limabweretsa njoka zam'mimba.

Njokazo ndi malungo zimathanso magazi, ndiye funsani kusikelo za mankhwala ake. Pakatha mwezi mukayezetsenso. Koma mukayamba kupuma mobanika, mtima kuthamanga muli chikhalire, chizungulire kapena kutaya magazi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.