Kwa mayi wa ku Mufakose amene akuopa kunena kuntchito kuti akudwala

Mayi wina wa ku Mufakose wandilembera imelo. Amaphika kukhitchini ya yunivesite ina muno mu Harare. Akuti msana unayamba kuwapweteka tsiku lina akutsitsa poto wamkulu wa nsima, tulo sakupeza, mutu nawo suleka kuwawa. Akufuna kudziwa ngati kuntchito kuli thandizo, koma akuopa kuti akadandaula awachotsa.

Mayi, yambani ndi kalata ya dokotala. Lamulo la ntchito la Zimbabwe, Labour Act, limalola wantchito wodwala kupuma masiku 90 pa chaka akulandira malipiro onse, ndipo ngati sanachire angathe kupatsidwa masiku ena 90 pa theka la malipiro. Koma zonsezi zimayendera kalatayo. Kunong'oneza kapitawo kuti lero simuli bwino sikungakutetezeni tsiku limene adzayambe kuwerenga masiku amene munajomba. Ambirife tinaleredwa ndi makolo ochokera ku Malawi amene anakalambira m'mapulazi ndi m'migodi, anthu amene kugona masana ankati ndi ulesi. Ndimawalemekeza, koma zimandiwawa kuona ana awo akupirira chimodzimodzi pamene lamulo lili kumbali yawo.

Za msanazo, nenani momveka kuti munavulalira pantchito, ndipo zilembedwe: tsiku, malo, ndi amene anaona. Bungwe la boma la NSSA, loona za penshoni ndi chitetezo cha antchito, lili ndi thumba lothandizira ovulala pantchito, ndipo ndalama za thumba limeneli amapereka ndi olemba ntchito, osati inu. Ngati munalembedwa ndi kampani imene inangopatsidwa kontirakiti yophika, udindowo ndi wa kampaniyo, choncho onetsetsani dzina limene lili pamwamba pa payslip yanu. Pomwepo muonenso ngati akukudulani ya medical aid (inshuwalansi ya kuchipatala), kaya ya bungwe la PSMAS kaya la CIMAS. Pali anthu amene amadulidwa mwezi ndi mwezi koma khadi lake sanakatenge n'komwe.

Kiliniki ya pasukulupo musaiyese ya ana asukulu okha musanafunse. Ikakhala kuti antchito sawalandira, pitani ku kiliniki ya khonsolo akakuyezeni BP. Mutu wosalekawo usangothera pa panado, chifukwa BP imatha kukwera munthu akuyenda bwinobwino.

Kusowa tuloko ndiye kwandikhudza kwambiri. M'kalata mwanu mwatchula fizi ya ana ndi lendi kawirikawiri kuposa msana. Muno mu Harare tili ndi Friendship Bench, ntchito imene Dr Dixon Chibanda, dokotala wa matenda a maganizo, anaiyambitsa ku Mbare mu 2006. Agogo aakazi ophunzitsidwa bwino amakhala pabenchi panja pa makiliniki a khonsolo. Mumakhala nawo pansi, n'kufotokoza zimene zikukuvutitsani, kenaka mumasankha vuto limodzi loti muyambe nalo, ndipo mumathandizana kupeza chochita. Salipiritsa, komanso abwana anu sakhalapo. Ena amaiderera poti ndi agogo, koma njirayi inayesedwa ndi akatswiri, ndipo mayiko ena anaitengera.

Popita ku ofesi ya HR, yoona za antchito, musapite nokha, tengani mmodzi wa a komiti ya antchito. Kalata ya dokotalayo muijambule pafoni musanaipereke, ndipo amene wailandira asaine pa kope lanu.